Mtsempha ukaphulika m'mutu, musakane magazi

Mayi wina wandilembera kuti amuna awo anagwa mwadzidzidzi akulira mutu, ndipo kuchipatala anapeza kuti mtsempha unaphulika, magazi n'kutayikira mozungulira ubongo. Pano madokotala akuti awaike magazi. Mayiwa akufunsa kuti, "Vuto ndi magazi otayikira m'mutu, nanga kuwathira ena si kuonjezera matenda?"

Ayi mayi, musaope. Kutseka potayikira ndi ntchito ina, kuika magazi ndi ntchito inanso. Magazi ndiwo amanyamula mpweya wa okosijeni kupita ku ubongo. Pakati pa tsiku la 3 ndi la 14 chiphulikireni mtsempha, mitsempha ina ya mu ubongo imakonda kufinyika, magazi n'kumadutsa pang'ono. Ndiye ngati magaziwo ndi ochepa kale, ubongo umasowa mpweya ndipo munthu atha kuchita sitiroko.

Kuchuluka kwa magazi timayeza ndi nambala ya Hb. Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi 12 kapena 13 kupita m'mwamba. Kutsatira kafukufuku wa ku Canada wa mu 1999, odwala ambiri akayakaya amaikidwa magazi Hb ikatsika pansi pa 7. Koma ubongo wovulala ndi nkhani ina.

Mu 2024 munatuluka kafukufuku wotchedwa TRAIN, wochitika m'maiko 22 pa anthu ovulala ubongo. Mwa odwala 100 alionse oikidwa magazi Hb ikatsika pansi pa 9, amene anamwalira kapena kulumala kwambiri pakutha pa miyezi 6 anali 63. Mwa odikira mpaka 7 anali 73. Wina wotchedwa SAHaRA, wa odwala 742 a vuto lenileni la bambowa, anayerekeza 10 ndi 8, koma kusiyana kwake kunali kochepa, kosakwanira kugamula nkhani. N'chifukwa chake dokotala amaona wodwala aliyense payekha, ndipo atha kuika magazi nambala isanafike pa 7.

Tsono inu odwazika matenda, funsani mwaulemu kuti Hb ili pati komanso ayezanso liti. Bonongwe ndi chiwindi n'zabwino, koma sizikweza magazi tsiku limodzi. Magazi a ku Malawi Blood Transfusion Service amayezedwa kaye HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi asanaperekedwe.

Achibale athanzi, m'malo mongodzadza pakhonde la wodi, pitani mukapereke magazi. Paja kupatsa n'kuika. Ndipo mutu ukakuwawani mwadzidzidzi kuposa kale lonse, musamwe panado n'kugona, thamangirani kuchipatala.

Tikumanenso Lamulungu likudzali.