Mlandu wa pansi pano uthere pansi pano

Abale anga a m'malire, ndili ndi mlandu ndi novela ya ku Brasil yochedwa A Viagem, ndipo ndiunena poyera. Ena amadana nayo cifukwa muli mizimu, amati ndi za ufiti. Ine za mizimu sinditsutsa. Cimene ndikukana ndi phunziro limene anthu amatolamo, lakuti munthu angathe kulakwira mnzace, kufa osapepesa, n'kukakonza zonse kuseri kwa manda.

Novelayi anailemba ndi Ivani Ribeiro. Inaonetsedwa koyamba pa TV Tupi mu 1975, ndipo Globo inaipanganso mu 1994. Mnyamata wina, Alexandre, akupha munthu pofuna kuba ndalama. Mbale wace Raul ndi mlamu wace Téo akumuulula kwa apolisi, ndipo loya Otávio akulimbikira kuti alangidwe. Alexandre akudzipha m'ndende, mzimu wace n'kuyamba kuzunza atatuwo. Mlongo wace Diná atamwalira akukamufuna kumalo a mdima, mpaka mtima wace ukufewa, napatsidwa mwayi wobadwanso. Maganizowa acokera ku ciphunzitso ca Allan Kardec ndi mabuku a Chico Xavier.

Tsono ndikufunseni inu amene munaionera: munthu anaphedwa uja dzina lace ndani? Alexandre mukumukumbukira, munamuliranso. Nkhani yonse yatsamira pa zowawa za wakupha. Iye ndiye wokwiya, iye ndiye wobwezera, iye ndiye wonyengereredwa. Zaciwonekere kuti nkhaniyi yaima cadodolido.

Makolo athu ankadziwa kuti mzimu wosagona ndi wa munthu wolakwiridwa. Ndiye cifukwa cace amati mlandu suwola. Wolakwa ankapita kwa anyakwawa ndi amalume ace, kukhala pansi pabwalo, kuchula ndi pakamwa pace cimene anacita, kupereka nkhuku kapena mbuzi. Mwini mlandu ndiye ankati watha. Mwayi waciwiri unali m'manja mwa wolakwiridwa.

Kwa ife iyi si nkhani ya pa televizau cabe. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. M'mwezi womwewo kunakhazikitsidwa lamulo lokhululukira milandu ya nkhondo, ndipo bungwe lofufuza coonadi, longa lija la ku South Africa, kuno silinakhaleko. Anthu oposa miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi. Pobwerera, ena anapeza munda wao ukulimidwa ndi wina, ena anakhala moyandikana ndi munthu amene analozera asilikali khomo lao. Boma linakhululuka kuti mfuti zikhale cete, ndipo linacita bwino. Koma boma silingakhululuke m'malo mwa mayi wamasiye. Ku Gorongosa, nkhondo itatha, kunabuka mizimu ya asilikali akufa yochedwa magamba, imene imagwira amoyo n'kukakamiza mabanja kunena zimene zinacitika. Zimene zinatsekeredwa pakamwa zinatulukira kwina.

Wina adzati, a bambo, novela ndi yongosangalatsa, ndiponso imaphunzitsa kukhululuka. Kukhululuka ndikufuna nanenso. Koma cikhululuko cimene wolakwa amalandira osaonana maso ndi amene anamulakwira n'cochipa kwambiri, ndipo munthu wokalamba amene ali ndi kanthu kumtima amacikonda cifukwa cimamulola kudikira. Pamene iye akudikira, mboni zikutha kumwalira, ndipo ana akulandira cidani cimene sakudziwa mutu wace. Mabanja awiri satungirana madzi, sakwatirana, sayenderana pa maliro, adzukulu osadziwa cifukwa.

Onerani novela, palibe akukuletsani. Koma inu amene mukudziwa khomo limene munalilakwira, kaya ndi za nkhondo, za malire a munda kapena za cuma ca masiye, tumani nkhoswe sabata ino. Mwini khomolo akali moyo, ndipo ndi iye yekha angakumasuleni.