Malasha Alipo, Chovuta ndi Phulusa

Sitima zazitali zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala zimadutsa m'dziko lino zikukokedwa ndi injini zomwa dizilo wogula kunja. Munthu woganiza sangalephere kufunsa: kodi katundu ali m'mabogimo sangayendetse yekha sitimayo?

Funsoli si lalero. Rudolf Diesel mwini wake, polembetsa luso lake ku Germany m'chaka cha 1892, ankaganiza kuti injini yake ingathe kudya fumbi la malasha. Sizidatheke, ndipo injini yake yoyamba kuyenda bwino mu 1897 inkamwa mafuta. Rudolf Pawlikowski, amene adagwirapo naye ntchito, adalimbana nazo zaka zambiri ku Görlitz, koma phulusa lidamuvuta. Mafuta akapsa sasiya kanthu, pamene malasha amasiya timiyala tosaoneka ndi maso tomwe timapala zitsulo za m'kati mwa injini ngati mchenga, mpaka pisitoni kuyamba kugwedera.

Mitengo ya mafuta itakwera mu 1973 ndi mu 1979, boma la America lidapereka ndalama kuti ntchitoyi iyambenso. Akatswiri adapera malasha kusalala kuposa ufa woyera, nawatsuka kuti phulusa lichepe, nawasakaniza ndi madzi pafupifupi theka ndi theka kuti akhale ngati phala lamadzimadzi lotha kupopedwa. Kampani ya General Electric idayendetsadi injini ya sitima ndi phala limeneli, itachita kulimbitsa timabowo topopera ndi dayamondi. Koma kuyambira 1986 mafuta adatsika mtengo, chidwi chidayamba kuzirala, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ntchito idaima injini yotere isanafike pamsika.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Maiko olemera amakumbukira malasha mafuta akakwera mtengo, nawaiwala akatsika. Ife tili ndi malasha ku Mchenga m'boma la Rumphi, koma chitsime cha mafuta tilibe n'chimodzi chomwe, choncho nkhaniyi sitingaileke m'manja mwa eni ake okha. Komabe tisatengeke. Malasha amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kuposa wa dizilo, ndipo alimi athu aona kale mmene nyengo yasinthira.

Tikupempha akuluakulu a m'maunduna kuti akadzabwera alendo otsatsa makina otere, asadzafulumire kusaina. Malasha athu ayambe ayesedwa ndi akatswiri athu omwe kuti tidziwe kuchuluka kwa phulusa lake, ndipo otsatsawo adzationetse injini imene yagwira ntchito zaka zingapo osaphwasulidwa.