Amalinyero si chikole cha ngongole za eni sitima

Chaka cha 2024 chokha, amalinyero 3,133 adatayidwa ndi mabwana awo m'sitima zapamadzi 312. Chaka cha 2023 sitima zotayidwa chonchi zidali 132. Ziwerengerozi adatulutsa ndi a ITF, chitaganya cha mabungwe a anthu ogwira ntchito zamtengatenga padziko lonse. Anthu adawerenga, adapukusa mitu, nkhani n'kuzizira. Ine yandikhala pamtima, chifukwa aliyense m'chiwerengerocho ndi munthu amene waberedwa thukuta lake dzuwa likuswa mtengo, pamene womubera uja akugona kunyumba kwake mwamtendere.

Kutayidwa kwake kumayenda motere. Mwini sitima walowa m'ngongole, kapena waona kuti sitima yakalamba ndipo kuikonza kudya ndalama zoposa mtengo wake. Amayamba ndi kuchedwetsa malipiro, mwezi uno n'kumati mawa, mwezi wamawa n'kumati tikafika padoko lotsatira. Kenaka amasiya kulipira chakudya, madzi akumwa ndi mafuta a jenereta. Mapeto ake foni yake sipezekanso. Akuluakulu a padoko amaigwira sitimayo chifukwa cha ngongole, ndipo popeza sitima siingasiyidwe yokha pa nangula popanda woiyang'anira, okakamizidwa kutsalamo ndi antchito omwe aja. Wodya ngongole wathawa. Wosungidwa ngati chikole ndi munthu amene ntchito yake idali kupala dzimbiri, kupaka penti ndi kuthira girizi m'makina.

Mu Julaye 2017 sitima yotchedwa Aman idagwidwa padoko la Adabiya ku Egypt chifukwa ziphaso zake ndi zipangizo zopulumutsira miyoyo zidali zitatha nthawi. Khoti lidalamula kuti wachiwiri kwa kaputeni, mnyamata wa ku Syria, ndiye akhale msungi wa sitimayo. Anzake adachoka mmodzimmodzi, iye n'kutsala yekha m'chitsulo chachikulu chopanda magetsi. Amayi ake adamwalira iye ali momwemo, ndipo sadakakhale nawo pamaliro. Mu Malichi 2020 chimphepo chidazula sitimayo pa nangula n'kukaitsakamiza pafupi ndi gombe, ndipo kuyambira pamenepo ankasambira kupita kumtunda kukagula chakudya ndi kukatchaja foni, n'kusambiranso kubwerera kundende yake. Adatuluka mu Epulo 2021. Zaka pafupifupi zinayi za unyamata wake zidathera ngongole imene iye sadadyeko ngakhale tambala.

Wina anena kuti za ku Egypt zitikhudza bwanji ife amene tilibe nyanja yamchere. Akumbukire sitima ya Rhosus. Idanyamuka ku Batumi m'dziko la Georgia mu 2013 itasenza matani 2,750 a mankhwala a ammonium nitrate, ulendo wa ku Beira, doko lomwe lija limene timadikirirako feteleza ndi mafuta. Itaima ku Beirut idagwidwa, mwini wake n'kuitaya. Kaputeni ndi anzake atatu adasungidwa m'sitimamo pafupifupi chaka chathunthu, mpaka kaputeniyo adagulitsako mafuta a m'sitima kuti apeze ndalama zolipira maloya. Katundu uja adamutsitsa n'kumuunjika m'nyumba yosungiramo katundu padokopo, ndipo pa 4 Ogasiti 2020 adaphulika n'kupha anthu oposa 200. Chiyambi cha maliro onsewo chidali bwana mmodzi amene adaona kuti kuthawa n'kotchipa kuposa kulipira.

Ndipo kuthawako n'kotchipadi, chifukwa mbendera zimagulidwa. Rhosus inkayenda ndi mbendera ya Moldova, dziko lopanda gombe la nyanja yamchere. Mongolia, yomwe ili pakati pa Russia ndi China, nayo imalembetsa sitima za panyanja. Mayiko atatu okhala ndi makaundula aakulu kwambiri potengera kukula kwa sitima zolembetsedwamo ndi Liberia, Panama ndi Marshall Islands, ndipo ofesi yoyendetsa kaundula wa Liberia ili ku Virginia m'dziko la America. Choncho mwini sitima amakhala dziko lina, kampani yake ya papepala idalembetsedwa dziko lina, mbendera ndi ya dziko lachitatu, woyendetsa bizinesi ali kwina, antchito adatengedwa ku Philippines, India ndi Ukraine. Zinthu zikavuta aliyense amaloza mnzake. Pa anthu onsewa, yekhayo amene akupezeka ndi thupi lake pamalo a mlandu ndi mmalinyero, ndiye amene amagwidwa.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndi mayankho a anthu oikira kumbuyo mchitidwewu. Yankho loyamba n'lakuti amalinyerowo adasaina okha kontirakiti, palibe adawakakamiza. Adasainadi. Adasaina kuti adzagwira ntchito miyezi yakutiyakuti, adzalandira ndalama zakutizakuti mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi ikakwana adzabwezedwa kwawo ndi ndalama za bwana. Ndi ndime iti ya kontirakitiyo imene imati adzadya mpunga wopanda ndiwo, adzatola madzi a mvula m'ndowa, ndipo ana awo adzathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi? Kontirakitiyo adasaina ndi anthu awiri. Amene waiphwanya ndi bwana, koma oikira kumbuyowa amangokumbukira dzina la wantchito lokha. Kumeneku n'kuganiza kwa munthu amene sadagwirepo ntchito mwezi wathunthu n'kubwerera kunyumba chimanjamanja.

Yankho lachiwiri ndi la madola. Akuti anthuwa amalandira madola, alira chiyani? Malipiro ochepetsetsa amene bungwe la ILO loona za ntchito padziko lonse lidavomereza kuti mmalinyero wodziwa ntchito azilandira mu 2025 adali madola 673 pamwezi. Kwa ife ndalamayi imamveka yambiri, ndipo n'chifukwa chake anyamata ambiri amakopeka nayo. Koma dola yolembedwa papepala siigula ufa. Munthu amene wakhala miyezi 8 osalandira kanthu ndi wosauka, kaya zimene adamulonjeza ndi madola kaya ndi makwacha. Kumuuza kuti akhale chete chifukwa ngongole imene akum'mana ili m'madola n'chipongwe chenicheni.

Ena amafunsa kuti nanga bwanji osangotsika n'kumapita kwawo. Atsike ndi chiyani? Alibe chiphaso cholowera m'dziko limene sitima yaimamo, alibe ndalama ya ndege, ndipo akudziwa kuti chiyembekezo chake chopezera malipiro chagona pa sitimayo, kuti khoti likadzaigulitsa mwina adzapatsidwako gawo lake. Ife a kuno timaudziwa moyo wa tenanti pa esiteti ya fodya, amene amapirira njala chaka chonse chifukwa akachoka fodya asanagulitsidwe wataya zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti tenanti zikafika pothina angathe kusenza katundu usiku n'kuyamba ulendo wapansi. Mmalinyero wazunguliridwa ndi madzi.

Ndiye pali bodza lokoma lija lakuti amalinyero amayenda n'kumaona dziko. Amaona chiyani? Sitima yaikulu ya makontena imayendetsedwa ndi anthu ongopitirira pang'ono 20. Ikafika padoko nthawi zambiri siitha ndi tsiku lomwe, ndipo maola amenewo ndiwo otanganidwa kwambiri: kumanga zingwe, kuyang'anira makontena, kulandira mafuta, kuyankha oyendera sitima. Munthu angathe kufika ku Rotterdam, Singapore ndi Durban koma chimene waona n'zikwepe zonyamulira katundu ndi mpanda wa waya. Wa ku injini amakhala pansi penipeni, m'phokoso ndi m'kutentha koti ovolosi imanyowa ngati waviikidwa m'madzi. Wa pamwamba amalondera maola anayi, kupuma asanu ndi atatu, usana ndi usiku, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe, ndipo m'sitima zina ndi maola 6 kuntchito, 6 kupuma, kwa miyezi yambirimbiri. Lamulo limati mmalinyero apume maola osachepera 10 patsiku ndi 77 pa sabata. Kafukufuku wa World Maritime University ya ku Malmö m'dziko la Sweden adapeza mu 2020 kuti kusintha kaundula wa maola opuma kuti azioneka ogwirizana ndi lamulo n'chizolowezi chofala m'sitima. Munthu wotopa chotero ndiye wapatsidwa chiwongolero cha sitima yodzaza ndi mafuta, wina n'kumati ali pa ulendo wokasangalala.

Yankho lomaliza ndilo lochenjera kwambiri, lakuti lamulo lilipo kale ndipo otayidwawo ndi ochepa pakati pa amalinyero pafupifupi 1.9 miliyoni. Lamulo lilipodi. Pangano la Maritime Labour Convention lidakhazikitsidwa mu 2006 n'kuyamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2013. Limati munthu akakhala miyezi iwiri osalipidwa, bwana atamufulatira, ndiye kuti watayidwa. Kuyambira mu Januwale 2017 sitima zimayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira malipiro a miyezi mpaka inayi ndi tikiti yobwererera kwawo. Nanga ngati lamulo lili bwino chonchi, zatheka bwanji kuti sitima zotayidwa zichoke pa 132 kufika pa 312 m'chaka chimodzi? Zatheka chifukwa woyenera kulikhwimitsa ndi dziko la mbendera, ndipo dziko limene likugulitsa mbendera silifuna kukwiyitsa kasitomala. Za kuchepazo, akanene mawu amenewo pamaso pa mayi amene akulera ana yekha mwamuna wake ali m'gulu la anthu 3,133 aja. Palibe amene anganene kuti akuba ndi ochepa m'tauni choncho oberedwa asadandaule.

Katundu ali ndi omuyankhulira, munthu alibe. Mu Malichi 2021 sitima ya Ever Given itatsakamira mu ngalande ya Suez masiku 6, dziko lonse lidagwedezeka, nyuzi zidalemba tsiku ndi tsiku, akatswiri adawerengera ndalama zotayika pa ola lililonse. Pa nthawi yomweyo, kufupi ndi khomo la ngalande yomweyo, mnyamata wa ku Syria uja adali akusambirabe kukatchaja foni, chaka chake chachinayi. Nthawi ya Covid-19, mu Seputembala 2020, amalinyero pafupifupi 400,000 adakanika kubwerera kwawo makontirakiti awo atatha, ena ataposa miyezi 11 imene lamulo limalola. Madoko ankalandira tirigu, mankhwala ndi mafuta ndi manja awiri, koma munthu wobweretsa zinthuzo ankamukaniza kuponda pansi. Katundu wopitirira magawo 80 pa 100 alionse a malonda a pakati pa mayiko amayenda panyanja. Thumba la feteleza limene mlimi wa ku Mchinji amathira m'munda, galimoto ya kaunjika yochokera ku Japan, dizilo wa m'chigayo, zambiri mwa izi zidadutsa m'manja mwa anthu amenewa zisanafike ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban.

Ine ndikuti dziko limene sitima za mbendera yake zikutaya anthu chaka ndi chaka lisaloledwe kugulitsanso mbendera. Bwana amene wataya antchito kamodzi asapatsidwenso mwayi wolembetsa sitima ina pansi pa dzina latsopano. Ndipo khoti lililonse limene lagwira sitima chifukwa cha ngongole liyambe latumiza antchito kwawo ndi malipiro awo, kenaka lizikambirana ndi mabanki ndi ogulitsa mafuta. Munthu sasungidwa ngati chikole cha ngongole ya wina.

Inu makolo, ndi inu achinyamata amene mukulandira mauthenga a pa WhatsApp olonjeza ntchito m'sitima za kunja, dziwani kuti pangano la 2006 lija limaletsa wolemba anthu ntchito kulipiritsa mmalinyero ndalama yomupezera ntchitoyo. Wina akakuuzani kuti muyambe mwapereka ndalama kuti dzina lanu lilowe, ameneyo wayamba kale kukuberani musanaone n'komwe nyanja. Funsani dzina la sitima, mbendera yake ndi chiphaso cha inshuwalansi yake, ndipo akakana kukuonetsani, musasaine.