Nanga Onyamula Mtembo Aja, Dzina Lawo Lili Kuti?



Nonse mukudziwa kuti mzinda wathu unatenga dzina la mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Koma ndi angati a inu amene munayamba mwafunsa za manda ake? Mtembo wake uli ku London, m'tchalitchi chakalekale cha Westminster Abbey, mmene Angerezi amavekera ufumu mafumu awo, ndi mmene anaika anthu awo otchuka monga Isaac Newton ndi Charles Darwin. Anamuika mmenemo pa 18 April 1874, pafupifupi chaka chathunthu atamwalira.

Chakacho chinathera pa mapewa a anthu. Livingstone anamwalira kumayambiriro kwa May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anzake a paulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, naumitsa thupi ndi mchere ndi dzuwa, nalikulunga, naliyenda nalo miyezi yambirimbiri m'thengo, akudwala, ena akufera m'njira, mpaka anafika ku Bagamoyo m'mwezi wa February 1874. Palibe anawalamula. Akanatha kukumba dzenje pomwepo ndi kubwerera kwawo, ndipo palibe akanawadzudzula. Chumayo ndi wathu ndithu: anali Myao, mmodzi wa ana amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo m'mapiri athu omwe ano mu 1861, nakakhala ku Magomero.

Mwala wa pamanda a Livingstone umatchula kuti anamubweretsa ndi manja okhulupirika, podutsa pamtunda ndi panyanja. Manja okha basi. Maina a eni manjawo palibe. Pa tsiku la maliro, mwa onse amene anayenda ulendo uja, amene analipo ndi Jacob Wainwright yekha. Susi ndi Chuma anafika ku Britain mwambo utatha kale.

Musafulumire kuloza chala Angerezi. Tsikani ku Mishoni, mukaime pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Tonse timaloweza kuti anachimanga ndi Mbusa David Clement Scott pakati pa 1888 ndi 1891, ndiponso kuti iye sanaphunzirepo za zomangamanga. Nzoona, ndipo ulemu umuyenera. Koma Scott sanaponde dothi yekha, sanawotche uvuni yekha. Njerwa zonse zija anaumba ndi kusanja ndi makolo athu. Tchulani atatu okha mwa iwo. Ife amene tadya nsima zaka zambiri mu Sinodi ya Blantyre timakhala chete pa funso limeneli.

Sindikunyoza amishoni amene agona m'manda a ku HHI. Ena a iwo anafa imfa yoti munthu uvule chipewa. Dokotala John Bowie anamwalira mu 1891 ndi nthenda ya pakhosi imene anaitenga poyesa kupulumutsa mwana wa mlongo wake, mwana wa Henry Henderson. Mwanayo ndi mayi ake anapitanso masiku omwewo. Anthu otere akumbukiridwe. Koma akumbukiridwenso Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene anadzozedwa ubusa mu 1911, ndi John Gray Kufa, dikoni ndi wothandiza m'chipatala, amene boma la atsamunda linamupha mu 1915 pa nkhani ya John Chilembwe. Achinyamata athu a ku kwaya amawadziwa amenewa?

Tsono nkhani yanga ili pa ife a lero. Matenda a kulemekeza dzina lalikulu ndi kuiwala onyamula atilowa m'magazi, ndipo amaonekera poyera pa maliro. Akamwalira munthu wa chuma, magalimoto amatseka msewu, olankhula amachuluka mpaka mlaliki kumupatsa mphindi zisanu, kuyala nkhata kutenga ola lathunthu. Akamwalira mayi wogulitsa makala amene wasesa tchalitchi zaka makumi awiri, timayang'ana wotchi. Yakobo m'chaputala chachiwiri cha kalata yake anadzudzula mpingo wopatsa mpando wabwino wovala mphete ndi kusiya wosauka ali chiimire. Ife tsankho limenelo talitengera mpaka kumanda.

Za ziliza ndiye musanene. Ndaona mabanja akutenga katapila kuti chiliza chikhale cha mwala wonyezimira, pomwe ana amene malemuyo anasiya abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ena amati ndi ulemu kwa kholo, ndipo ndikuwamvetsa. Manda osiyidwa m'tchire ndi manyazi a banja, ndipo ngakhale Yoswa anaimika miyala khumi ndi iwiri ya chikumbutso atawoloka Yordano. Koma miyala imeneyo inali yoti ana afunse ndi kumva zimene Mulungu anachita. Sinali mpikisano. Mose, mtumiki wamkulu uja, Mulungu anamuika pamalo pamene munthu sakuwadziwa, ndipo Ambuye wathu anagona m'manda a mwini wake, Yosefe wa ku Arimateya.

Ku Westminster komweko kuli manda amodzi amene munthu saloledwa kuwaponda, ngakhale ena onse apansi anthu amayendapo. Ndi a msilikali wosadziwika dzina, amene anamuika mu 1920 kuti aimire onse ofera ku nkhondo. Iwo anachita motero chifukwa maina anali atatayika kale. Athu sanatayike onse. Agogo amene anaona chiyambi cha mpingo uno ena akali moyo, ndipo chaka chilichonse tikuwaperekeza mmodzimmodzi.

Nchifukwa chake ndikupempha, ndipo ndidzapemphanso ku seshoni, kuti tigule buku limodzi lachikuto cholimba. M'menemo tilembe amene anaumba njerwa za tchalitchi chathu, amayi a Mvano amene achezera pa siwa usiku wosawerengeka, oliza belu, aphunzitsi a Sande Sukulu, ndi adzukulu amene amakumba manda a tonsefe chibadwire sanawerengedwepo mbiri. Inu muli ku Johannesburg ndi kwina, funsani makolo anu pa foni sabata ino. Lembani dzina, mudzi, mfumu, ndi ntchito imene munthuyo anagwira mu mpingo, mupereke kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu kapena mundipatse ine Lamulungu tikaweruka.