Ahijra M'mafilimu a ku India: Kuonekera Kopanda Ntchito

Ahijra ndi anthu a ku India, Pakistan ndi Bangladesh amene ambiri mwa iwo anabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala ngati akazi, m'magulu otsogozedwa ndi guru, mkulu amene amasamala ndi kuphunzitsa omutsatira otchedwa chela. Ntchito yawo yakale ndi badhai, mwambo woimba, kuvina ndi kudalitsa khanda kapena akwati, eni khomo n'kupereka ndalama, koma banja lomwelo limene limaopa temberero lawo silingawalembe ntchito, motero ambiri amapemphetsa pa maloboti, akuwomba m'manja zala zili tambasu. Lamulo la atsamunda la 1871, Criminal Tribes Act, linakolezera tsankholi polamula kuti alembedwe m'kaundula wa apolisi ndiponso powaletsa kuvina pagulu atavala zachikazi.

Amene amati mafilimu asintha mmene amaonetsera ahijra ali ndi umboni. Mu Sadak, filimu ya Mahesh Bhatt ya 1991, hijra wotchedwa Maharani ndi mwini nyumba ya uhule wouma mtima, pamene mu Tamanna, imene Bhatt yemweyo anatulutsa mu 1997, hijra wotchedwa Tikku amatola khanda lotayidwa n'kulilera. Khoti Lalikulu la ku India litagamula pa mlandu wa NALSA mu 2014 kuti ahijra azindikiridwe ngati gulu lachitatu pambali pa amuna ndi akazi, panabweranso sewero lotchedwa Taali la 2023, lofotokoza moyo wa Gauri Sawant, womenyera ufulu wawo. Opanga mafilimu amanena kuti popanda katswiri wotchuka, nkhani zotere sizingapeze ndalama kapena owonera.

Mfundoyi ndi yoona pamsika, koma ikulephera kuyankha dandaulo lenileni, pakuti Maharani anaseweredwa ndi Sadashiv Amrapurkar, Tikku ndi Paresh Rawal, ndipo Gauri Sawant ndi Sushmita Sen, onse osakhala ahijra. Kwa anthu amene vuto lawo lalikulu ndi kumanidwa ntchito, malipiro ndi ulemu wochokera pa mbiri yawo zimapita kwa ena, ndipo mwamuna akasewera mbali yotere, owonera amatuluka atalimbikitsidwa m'ganizo lakuti hijra ndi mwamuna wongovala sari. Mosiyana ndi zimenezi, ku Pakistan, Alina Khan, amene iye mwini anasintha kukhala mkazi, anasewera mu Joyland ya 2022, ndipo filimuyo inalandira mphotho ku Cannes, ngakhale kuti boma la chigawo cha Punjab linailetsa kuonetsedwa.