Jekeseni wa dzanzi asasowe ku Thekerani

Bambo wa ku Thekerani akadzitema ndi chikwanje podulira tiyi, kapena mayi akang'ambika pobereka, pamafunika kusoka. Asanasoke, dokotala amabaya kajekeseni m'mbali mwa bala, n'kudikira pang'ono kuti pachite dzanzi. Mankhwalawo ndi lignocaine, omwenso amagwiritsidwa ntchito pozula dzino, pochita mdulidwe wa abambo ndi poika njira yolerera ya pamkono.

Koma dzanzilo limatha. Ndani anatithandiza kuwerenga nthawi yake? Ndi mbira, zomwe ambiri timaweta kukhitchini.

Mu 1945, asayansi Edith Bülbring ndi mnzake Wajda ku Oxford anafalitsa njira yoyezera mankhwala a dzanzi. Ankameta ubweya pamsana pa mbira, n'kubaya mankhwala pakhungu mpaka patatupa ngati polumidwa ndi udzudzu. Kenako ankalasa pamalopo ndi kasingano kasanu ndi kamodzi, n'kumabwereza mphindi 5 zilizonse kwa theka la ola. Khungu likanjenjemera, ankadziwa kuti mbira yamva kuwawa ndipo mphamvu ya mankhwala yayamba kutha. Likangokhala chete, dzanzi likadalipo. Ntchitoyi sinayambire pa mbira: mu 1884 Carl Koller wa ku Vienna anayamba wadontheza cocaine m'diso la chule asanayese diso lake. Lignocaine anapangidwa ku Sweden mu 1943, ndipo wasayansi Bengt Lundqvist anadzibaya yekha kuti aone mmene akugwirira.

Lero tikudziwa kuti dzanzi la lignocaine limakhala ola limodzi kapena awiri, limatalikirapo akasakaniza ndi adrenaline, pamene mankhwala ena a dzanzi otchedwa bupivacaine amagwira maola angapo. Tikudziwanso kuti mlingo ukapyola, mankhwalawa amasokoneza mtima ndi ubongo.

Ife tikuti nzeru yopezeka movutikira chonchi isathere m'mabuku. Wodwala wa ku Thekerani sangamakwere mapiri onsewo kupita kuboma ku Thyolo chifukwa cha kabotolo kamodzi, ndipo mayi amene wangochira sayenera kusokedwa akukuwa, n'kumauzidwa kuti alimbe mtima. Lignocaine ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala osayenera kusowa pachipatala.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi Central Medical Stores Trust kuti mankhwalawa azifika m'zipatala zakumidzi pa nthawi yake. Kwa anamwino ndi madokotala, ngakhale mzere utalike panja, mukabaya dikirani dzanzi ligwire, mufunse wodwala ngati akumvabe kuwawa musanalowetse singano.