Za m'Chikwama cha Wapaulendo

Ambiri a ife kuno ku Mualadzi timagona kutali ndi kwathu chifukwa cha ntchito: ena ku migodi ya malasha ku Moatize, ena mumzinda wa Tete, enanso kuwoloka pa Cassacatiza kulowa m'Zambia. Kogona kwathu ndi m'nyumba za alendo zolipira, zimene timazitcha pensão. Tsono tinyamulenji?

Poyamba BI, ndi pasipoti kwa owoloka malire. Tizikulunge m'pulasitiki, makamaka m'dzinja. Kenaka masikito ndi chingwe chake. Chigwa cha Zambezi n'chotentha, udzudzu ndi wosasowa, ndipo m'zipinda zambiri tapezamo msomali wokha kudenga. Kabotolo ka Certeza sikalemera, ndipo ife amene tidaona kolera ya 2023 sitimwanso madzi osathira mankhwala. Sopo, thaulo, chofunda, tochi ndi chaja n'zosachita kunena.

Koma nkhawa yathu ili pa mankhwala. Amene timamwa ma ARV kapena a kuthamanga kwa magazi, tiwerenge mapiritsi a ulendo wonse n'kuwonjezerapo a sabata imodzi, pakuti ntchito ya masiku atatu imatha kufika masiku khumi. Tazondapo odwala amene adasiya botolo kunyumba poopa maso a mnzawo wogona naye chipinda. Manyaziwo adawagoneka m'chipatala.

Buku Lopatulika likhale pamwamba, osati pansi pa nsapato. Usiku wa ku pensão ndi wautali, ndipo ogogoda pachitseko si onse abwino. Akunyumba tiziwaimbira foni tisanazime nyale.